Milungu Iwiri M'kanjira ka ku Mandi

Phulma anayambitsanso nkhani yake ija mwamuna wake asanamalize n'kusukusula komwe.

"Bambo a Meena, sindikupemphatu zambiri. Mukakumana ndi mulungu wa kwathu lero, mungopendeketsa phewa pang'ono basi kuti machila awerame. Adziwe ndani?"

Chet Ram anatembenuka madzi akuchucha m'ndevu. "Mkazi iwe, ukufuna ndipuwale? Machila a mulungu ndi ngolo ya ng'ombe yoti ndizikhotetsa ine? Ine ndine miyendo chabe. Ambuye ndiwo amayenda."

"Miyendo yake yamantha bwanji!" anatero Tikmi, mchemwali wake wa Chet Ram, amene pakamwa pake sipankadziwa tchuthi. "Koma nawenso mlamu, usatiputire tsoka m'mawa muno. Ukufuna matalala atiphwanyire maapozi onse?"

Phulma anatenga mikate ya siddu imene anaphika ndi nthunzi m'bandakucha, yodzaza ndi mtedza wosinja monga ankaikondera bambo ake, n'kuimanga m'kansalu. Chaka ndi chaka ankaimanga choncho, ndipo chaka ndi chaka inkathera m'mimba mwa Tikmi pobwerera kumudzi.

Phulma anabadwira ku Thanli n'kukwatiwa tsidya lina la chigwa, ku Shalgi. Mudzi uliwonse uli ndi mulungu wake: ku Shalgi kuli Ambuye, ku Thanli kuli Mayi, ndipo awiriwa ndi munthu ndi mlongo wake. Chaka chimene Phulma anali ndi pakati pa Meena, amuna a ku Shalgi anagwetsa mkungudza wa m'malire kuti akonzere denga la kachisi. Mayi anati mtengowo unali wawo. Wobwebweta wawo, munthu amene Mayi amalankhulira mwa iye, ananjenjemera n'kulamula kuti wa ku Thanli asadyenso chochokera m'manja mwa wa ku Shalgi, asamwe madzi ake, ngakhale kumupatsa moni. Ambuye nawo, poti ndi a mtima wapachala, anabweza chimodzimodzi. Mkazi wokwatiwa amawerengedwa kwa mulungu wa mwamuna wake, ndiye Phulma anagona ali mwana wa makolo ake n'kudzuka ali mlendo. Meena uja pano ndi namwali wa ku koleji, agogo ake sanamunyamulepo. Amayi ake a Phulma atamwalira, iye anaonera utsi wa moto wotentha mtembo wawo ali tsidya lino, atakhala pamwala. Zimapwetekatu zimenezo, tisanamizane.

Otsala anali bambo ake, a Nokhu Ram, oimba ng'oma ya Mayi. Mbiri inamveka yoti maso awo achita khungu ndipo chaka chino n'chomaliza kutsikira ku mzinda wa Mandi. Akakwera phiri la kwawo ndi Mayi, sadzatsikanso. Phulma sankafuna zambiri: kungowadyetsa kamodzi ndi dzanja lake asanafe.

Dzuwa litakwera, mzinda unali utasanduka wa milungu. Ha, Mandi pa chikondwerero cha mulungu wamkulu Shiva! Inatsika kuchokera m'mapiri onse, ina itayenda sabata yathunthu pamapewa a anthu opanda nsapato, uliwonse pa machila ake okutidwa ndi nsalu zofiira ndi zachikasu, nkhope zasiliva zitandandalikana kutsogolo, dzuwa likuthwanima pa izo mpaka misozi m'maso. Malipenga aatali opindika ankalira, mapiri n'kumayankha. Utsi wa lubani unkatuluka m'makachisi akale amiyala n'kusakanikirana ndi fungo la mafuta okazingira zotsekemera. Phulma ankabwerako kuyambira ali kamwana konyamulidwa paphewa, koma mpaka lero tsitsi linkamunyerenyetsa. Milungu yodziwana ikakumana, oimba ankasintha ng'oma n'kuimba ya malonje, machila n'kuweramirana mpaka kukhudzana mitu, anthu n'kumawaza maluwa.

Akuluakulu a chikondwerero ankaidziwa nkhani ya Shalgi ndi Thanli, ndiye ankawapatsa njira zosiyana. Koma tsikulo mulungu wina wamkulu wa kumtunda, atakwiya kuti amuika kumbuyo pamndandanda, anangoti khwaa pakati pa msewu waukulu, osasuntha. Mulungu akanyanyala sumukankha. A ku Thanli anapatukira m'kanjira ka kuseri kwa kachisi wakale, kopapatiza koti ng'ombe ziwiri sizingapatukirane. A ku Shalgi anali atalowa kale m'kanjira komweko kuchokera kumtsinje.

Anakumanizana pa ngodya, maso ndi maso.

Ng'oma zonse zinangoti zii. Phulma, atapanikizika pakhoma pambali pa Tikmi, anaona nkhope ya Mayi ali pafupi kwa nthawi yoyamba pa zaka zonsezi: maso aja otambasuka, ndolo ija ya pamphuno imene ankaisirira ali mtsikana. Kenaka anawaona bambo ake. Kalanga ine, anali atachepa bwanji! Ng'oma yopachikidwa pakhosi inkaoneka yaikulu kuposa mwini wake, ndipo maso awo otuwa ankayang'ana m'mwamba.

"Bwererani!" anakuwa mkulu wina wa ku Shalgi.

"Bwererani inuyo, akuba mitengo!" anayankha a ku Thanli.

Onse ankadziwa kuti akungotaya malovu. Mulungu sabwerera chafutambuyo, ndipo malo otembenukira panalibe.

"Lero tigona pano," ananong'ona Tikmi. "Bola siddu tili naye."

Machila a Ambuye anagwedezeka pang'ono, mabelu ake n'kulira ngwe ngwe. A Nokhu Ram anapendeketsa mutu. Moyo wawo wonse, akamva mabelu a mulungu wina patsogolo pa Mayi, manja awo ankadziwa chochita. Anakweza timitengo n'kuyamba ng'oma ya malonje.

"Agogo, siyani!" anafuula mnyamata wonyamula lipenga. "Ndi a ku Shalgi amenewa!"

Munthu wina anatambasula dzanja kuti awagwire mkono, koma wansembe wa Mayi analimenya dzanjalo. Ng'oma ya malonje ikayamba saidula milungu isanakhudzane. Kuidula n'kutukwana yonse iwiri pamodzi. Ndiye inalira yokhayokha m'kanjira muja, ikugunda makoma amiyala, anthu onse pakamwa pali yasa.

"Akuti saona," anatero Tikmi, "koma mabelu a Ambuye ngakhale gonthi amawadziwa."

Phulma anayang'ana mwamuna wake. Chet Ram anali kutsogolo kwa machila, mitengo iwiri pamapewa, nkhope itatuwa ngati phulusa. Ngati mumtima mwa Phulma munali kachiyembekezo koti amumvera chisoni n'kupendeketsa phewa, kanafera pomwepo. Munthuyo ankakankhira m'mbuyo ndi mphamvu zake zonse, zidendene atazikhomeka m'mipata ya miyala, mitsempha ya pakhosi itatupa, mano ali gwa. Ankaopa kuti anthu adzati ndi iye, mkamwini wa ku Thanli, wachita dala.

Ndipo ankapita kutsogolo.

Phulma anaona ndi maso ake mapazi a mwamuna wake akukhukhuluzika pamiyala, chala chachikulu chikusiya kamzere ka magazi. Machila anamukoka monga mmene ng'ombe yaludzu imakokera mwini wake kumadzi. Anzake a kumbuyo ankalira mokweza, "Ambuye! Ambuye, pang'onopang'ono!" Mantha anamugwira Phulma, mantha enieni, oti m'mawa uja ankapempha munthu kuti anamize chinthu chotere.

Mayi sanasunthe. Anaima chilili, nsalu zawo zili bata ngakhale kamphepo kankawomba. Ambuye anafika pafupi n'kuwerama, kuwerama, mpaka Chet Ram anagwada pamiyala. Ng'oma inkalirabe. Anthu anaiwala kupuma. Ndiye pang'onopang'ono machila a Mayi anapendekeka chammbali, ngati munthu wofuna kuyang'ana kumbali koma mtima ukukana, kenaka anagwera kutsogolo. Siliva anakhudza siliva, ngwee.

Mfuu umene unatuluka m'kanjira muja unaulutsa nkhunda pa denga la kachisi. Malipenga a midzi yonse iwiri analira pamodzi. Amuna akuluakulu a ndevu zaimvi ankalira ngati ana. Tikmi anadzigwetsa chafufumimba, chipumi pamwala.

Wobwebweta wa Mayi anayamba kunjenjemera, chipewa chake n'kugwa, tsitsi lake lalitali n'kumasuka. Anayang'ana machila a Ambuye n'kulankhula ndi mawu oonda, osakhala ake: "Achimwene, mwaonda. Kodi kwanuko sakukudyetsani? Idyani, nonsenu idyani."

Phulma sanadikire kuti akuluakulu atanthauzire. Anadzipanikiza pakati pa anthu, chigongono apa chigongono apo, mpango ukugwa kumutu iye osasamala. Atafika anawerama n'kugwira mapazi a bambo ake. Anali ozizira, ong'aluka ndi ulendo.

"Bambo," anatero.

A Nokhu Ram sakanatha kumugwira pamutu pomudalitsa. Milungu inali ikadakumbatirana, ikugwedezeka uku ndi uku, ndipo ng'oma siikanaima mpaka italekana yokha. Manja onse awiri anali ndi timitengo. Phulma anamasula kansalu kaja, ananyema siddu, n'kuwaika pakamwa monga ankachitira ndi Meena ali wakhanda.

Mkuluyo anatafuna pang'onopang'ono ndi mano ake ochepawo, manja akugundabe ng'oma osaphonya. Misozi inatsika m'makwinya n'kulowa m'ndevu. Atameza anapendeketsa mutu kumene kunachokera dzanja lija.

"Wachedwa nayo bwanji mikateyi, mwanawe," anatero. "Ndipatsenso."