Belingi ya Kumanzere

Galimoto ina yoyera inafika kwa Twalibu dzuwa lili paliwombo, ikulira kutsogolo ngati chigayo chakutali. Twalibu anali makanika wa ku komboni ya Kalingalinga, ndipo galaja yake inali kamthunzi ka malata anayi pakati pa akalipentala ndi owotcherera zitsulo. M'galimotomo munatsika mwamuna wovala jekete lachikopa, kunja kukutentha chonchi, nati dzina lake ndi Jackson.

"Ni belingi ya kumanzere, ba Twalibu. Muchinje lelo lelo. Vinangu musagwireko."

Twalibu anali asanamuonepo munthuyu, koma sanafunse kuti dzina walimva kwa yani. Anamasula nati yaikulu ya pakati tayala likadali pansi, kenako anaika jeke. Ataligwedeza tayalalo, linayankha kuti khokhokho. Belingi, kachitsulo kamene tayala limazungulirapo, inali itathadi, koma kutha kwake kunali kwa chinthu chomenyedwa. Nyali ya mbali imeneyo inali yatsopano, ndipo kunsi konse kwa galimotoyo kunkanunkha sopo.

Anachotsa tayala, nakoloweka mabuleki pa waya. Galimoto zokoka ndi matayala akutsogolo zili ndi shafuti yolowa pakati pa habu, chitsulo chomwe amamangirirapo tayala, ndiye anapisa dzanja kuti aikankhire m'mbuyo. Zala zake zinakhudza nsalu itakulungika pa shafutiyo. Anaisolola pang'onopang'ono. Kanali kachidutswa ka chitenje chofiirira cha timakiyi tachikasu, kouma gwa ndi zinthu zakuda.

Chitenje chimenechi ankachidziwa. Mkazi wake Warda anagula nsaluyo pamodzi ndi Salome, mayi wa nyumba yoyandikana nayo, naidula pakati. Salomeyo anagundidwa ndi galimoto Lachiwiri m'mawa akupita ku ntchito ku Kabulonga wapansi. Galimoto sinaime. Mpaka tsikulo anali m'chipatala, osalankhula.

Chithunzithunzi cha Jackson chinamugwera pamsana.

"Mwapeza chani?"

"Gilisi yauma," anatero Twalibu.

Anafumbata kansaluko, nakatsekera m'thumba la ovololo pamene ankadzipukuta manja. Anamasula habu yonse n'kuinyamula.

"Belingi iyi sichoka na nyundo. Ifunika pulesa, ku Mtendere."

"Tiyende tonse."

"Nanga motoka muzasiyira ndani? Kuno matayala sachedwa kusowa."

Jackson anamuyang'ana nthawi yaitali, osaphethira. Kenako anamwetulira.

"Ija nyumba ya chitseko chobiriwira ni yanu, ayi? Naona amai bayanika vovala. Yendani, musachedwe."

Twalibu anayenda ngati munthu wopanda nkhawa mpaka anakhota pa msika. Atangobisika, anathamanga, chitsulo chija chikumumenya m'nthiti. Ku Mtendere sanapite. Anakalowa ku polisi, naika habu ndi kansalu patebulo.

Pobwerera ndi apolisi awiri, anapeza galimoto ili chiimire pa jeke, koma manambala ake atazulidwa kutsogolo ndi kumbuyo. Akalipentala anati mwini wake wachoka wapansi, akuimba foni, osafulumira n'komwe.

Twalibu anawasiya apolisiwo akulemba, nathamangira kunyumba. Anapeza Warda akupinda zovala pakhonde.

"Kunabwera mlendo wanu," anatero Warda. "Waulemu ndithu. Anapempha madzi akumwa, n'kufunsa kuti mumaweruka nthawi yanji."

Kapu inali ikadali pa mpando, madzi osamwedwa.

"Longedza," anatero Twalibu. "Ukupita kwa achemwali ako ku Mandevu. Pompano."

Warda anamuyang'ana kumaso, nalowa m'nyumba kukatenga chikwama.