Masentimita Anayi

Telalayo anali mayi wosaopa singano. Zaka makumi atatu akusoka mayunifolomu a ana asukulu zinali zitamuumitsa zala gwa. N'chifukwa chake mwamuna wake atayamba kulandira mankhwala a khansa ya m'matumbo, nesi sanavutike kufunafuna womubaya jakisoni kunyumba.

"Matendawa pamodzi ndi mankhwala ake amachititsa magazi kuundana m'mitsempha," anatero nesiyo. "Jakisoniyu amaletsa zimenezo. Kamodzi patsiku, pambali pa mchombo, osadumphitsa. Magazi akamatuluka osaleka, mubwere nawo. Mwendo ukatupa, mubwerenso msangamsanga."

"Awa amabaya anthu ndi mapini tsiku lililonse," anaseka mwamunayo. "Lero mwangowapatsa chilolezo."

Masabata atatu zinayenda bwino. Kenako m'mawa wina, akumwa tiyi, mwamunayo anatuluka kamfuno. Sikanachedwe kuleka, koma kanadonthera pansalu yoyera ya patebulo, telalayo akuona. Anakumbukira mwana wawo wachisamba, yemwe anamwalira pobereka zaka zisanu zapitazo, magazi atakana kuleka. Nsalu za tsiku limenelo anachapa ndi iyeyo, yekhayekha.

Kuyambira tsiku la kamfunolo mtsikanayo sanachokenso m'nyumbamo. Dzuwa lili pamutu, makina akulira, mayiyo ankamva mawu kuchipinda: "Amama, ndikuzizidwa." Ndiwo mawu omaliza amene mwanayo ananena. Akaimitsa makina, m'nyumba monse zii. Akapondanso, mawu aja ayambiranso. Ankachita mantha, mantha enieni, oti ngakhale chakudya sichinkatsika.

Ndiye anachita chinthu chimene munthu wanzeru zake sangachite, ngakhale kuti nzeru anali nazo. M'mawa ankatsina khungu la pamimba pa mwamuna wake, n'kulowetsa singano, n'kuwerenga mpaka khumi chamumtima, n'kuizula osakankha mankhwala. Mankhwalawo ankakawathira musinki. Anadziuza kuti ndi lero lokha, magaziwo ayambe alimbako. Lero lokhalo linabala masiku asanu ndi anayi.

Tsiku lakhumi mwamunayo anabweretsa thalauza lake lakutchalitchi kuti alibweze m'chiuno, poti matenda anali atamudya. Atalivala kuti ayeze, mwendo wakumanja unalowa bwinobwino, wakumanzere n'kukakamira pakatumba. Telalayo anagwada, nazunguliza tepi mwendo uwu, kenako uwo. Anabwereza kachiwiri, ngati kuti tepi inayamba yamunamizapo. Wakumanzere unali utaposa unzake ndi masentimita anayi, ndipo unali wotentha.

"Valani nsapato, bambo. Tiyeni kuchipatala."

"Thalauza lokhali?"

"Ndati valani nsapato!"

Kuchipatala anamuunika mwendo ndi makina, napeza magazi ataundana kuseri kwa bondo. Dokotala anati akanachedwa, chibuluma cha magaziwo chikanatha kuthothoka n'kukatseka m'mapapo. Kenako anayang'ana mufayilo, nakwinya nkhope.

"Koma bambowa ali pa jakisoni. Simunadumphitseko, mayi?"

"Sanadumphitse," mwamunayo anafulumira kuyankha. "Amandibaya m'mawa uliwonse."

Linali bodza lovala zoona, ndipo telalayo akanatha kubisala m'menemo. Koma anaganiza kuti dokotala ayesa mankhwalawo ndi amene alephera, n'kuyamba kusakasaka vuto komwe kulibe.

"Ndimabaya, adokotala, koma sindimakankha. Masiku asanu ndi anayi. Ndinaopa magazi. Pepani."

Pepani sapoletsa chilonda, ndipo dokotalayo sanataye naye nthawi. Sanakalipe. Anangofotokoza kuti jakisoni uja anali wamng'ono, wongoteteza. Tsopano poti magazi aundana kale, pafunika wamphamvu kuposa uja, kawiri patsiku, kwa miyezi ingapo, ndipo mpata woti magazi atuluke wakula. Kamfuno kakabweranso abwere adzanene, osasiya mankhwala paokha. Atatero anatuluka kukaitana nesi.

Anatsala awiri kuseri kwa katani.

"Ndinkadziwa," anatero mwamunayo, maso ali kudenga. "Mankhwala aja akamalowa amaotcha. Masiku onsewa sanaotche."

"Nanga osanena bwanji? Mumafuna mufe?"

"Ndinaona nkhope yanu tsiku la kamfuno lija. Inali ya tsiku lomwe lija. Ndinati mwina mawa mulimba mtima. Inenso mwana uja ndimamumva, mayi."

Telalayo anafuna kulira, koma nesi anali atalowa kale ndi kathireyi. Anatenga jakisoni watsopanoyo, wodzaza kuposa aja akunyumba, namupatsira m'manja.

"Woyambayu mubaye ndinu, ine ndikuona. Mukapanda kutha, tipeza wina woti aziwabaya."

Mayiyo anatsina khungu pambali pa mchombo. Singano inalowa mosavuta monga mwa masiku onse, koma chala chachikulu chinauma pamwamba pa chokankhira. Kuseri kwa katani, pabedi loyandikana nawo pomwe panalibe munthu, wina anali kudandaula kuti akuzizidwa.

"Musiyeni aitane," mwamunayo ananong'ona. "Uja tinamuika m'manda tonse awiri. Ine ndikadali pano. Kankhani."

Anakankha pang'onopang'ono mpaka pansi, misozi ikugwera padzanja lake. Mwamunayo analuma mano, nagwira chitsulo cha bedi.

"Eya," anatero. "Akuotcha."