Chala cha a Staf

A Staf Verbruggen anaphunzitsa kuphika buledi pasukulu ya ntchito zamanja ku Aalst mpaka imvi zinawadzaza mutu, ndipo zaka zonsezo ankachonga ndi chala chachikulu. Ankanyamula buledi wa mwana, kumugogoda kunsi, kumudina, kumununkhiza, n'kutchula malikisi. Panalibe wotsutsa.

Tsiku lina mtsikana wa chaka chomaliza, dzina lake Lieselot, atapatsidwa sikisi pa teni, anaima pomwepo ufa uli mbuu m'manja.

"Aphunzitsi, kuti afike pa eyiti ndisinthe chiyani?"

"Sanafike basi."

"Sanafike pati?"

A Staf anangonyamula buledi wa mwana wotsatira. Anapalasa njinga kubwerera kwawo mvula ikuwaza, funsolo likuwalasabe mumtima.

Mnzawo pantchito anali Griet, amene kale anali mwana wa m'kalasi mwawo. Iyeyu anali atatopa n'kuwauza kuti pakufunika mlozo wochongera, wolembedwa, woti ana aziudziwa asanakande mtanda. Lachitatu masana, ana ataweruka, a Staf anamupeza m'khitchini akumwa khofi, n'kumuponyera pepala. Anali atalembapo magulu anayi: woipa, wapakatikati, wabwino, wabwino kwambiri.

Griet anaseka mpaka kutsamwa. "Madala, izi ngakhale galu wanga angalembe. Wabwinoyo ndiye wotani?"

"Iwe, ndinakuphunzitsa ndine kugwira mpeni."

"Ndiye nawu mpeniwo. Muzidula mukulankhula, ine ndizilemba."

Anasonkhanitsa buledi yense amene ana anaphika m'mawa. Poyamba a Staf ankangong'ung'udza, koma pang'ono ndi pang'ono lilime linamasuka. Uyu ukamudina sabwerera, ndiye kuti mtanda sunafufume. Uyu ali ndi mphako pamwamba pomwe pansi ali gwa, sanamupinde bwino. Uyu mchere wamuthawa. Pa chilichonse Griet ankafunsa funso limodzi lokha: "Mwana angathe kuziona yekha zimenezi?" Zikakhala zosatheka, ankazifufuta, a Staf akudandaula ngati akuwazula dzino.

Mlozo utaoneka mutu wake, anaganiza zouyesa. Anabisa mayina a ana, n'kukhala mofulatirana, aliyense kuchonga payekha. Poyerekeza anapeza kuti akungosiyana pang'ono, kupatula pa buledi mmodzi wotuwirako. Griet anamupatsa eyiti, a Staf sikisi.

"Walakwa chiyani?" anafunsa Griet.

"Ndi wotuwa. Buledi amafuna moto."

"Mkatimu wapsa kapena sanapse?"

A Staf anatafuna kachidutswa, n'kutafunanso kena. "Wapsa."

"Wafufuma?"

"Wafufuma."

"Ndiye malikisi awiri aja apita kuti?"

A Staf anayang'ana uvuni wozizira. Anakumbukira bambo awo, amene ankaphikira mudzi wonse buledi woderako, wa khungu lowawa pang'ono, ndipo ankati buledi wotuwa ndi wa anthu amantha. A Staf anakula ndi kakomedwe kameneko, ndipo sanaganizepo kuti ndi kakomedwe chabe. Anadzifunsa kuti m'chala chawo chija, luso linkathera pati, ndipo zokonda za pakamwa pawo zinkayambira pati.

"Lemba kuti kuyambira wofiirira mpaka woderako, onse ali bwino," anatero potsiriza. "Koma pali chinanso. Pali buledi wina amene ukamulawa umadziwa kuti wophikayo anali pomwepo ndi mtima wake wonse."

"Ndikumudziwa. Tiulembe bwanji mtimawo?"

Anayesa mawu osiyanasiyana mpaka khofi anazizira. Onse ankamveka ngati ulaliki. Mzere umenewo anausiya.

Sabata yotsatira mlozo unagawidwa. Ana anayamba kudula buledi wa anzawo, kukangana, kulozerana pepala. Malikisi anakwera, madandaulo anachepa, ndipo ana amene kale ankaphika mongolota anayamba kudziwa chimene akufuna. A Staf ankayenda pakati pa matebulo manja ali kumbuyo, osangalala, komanso akumva ngati mlendo m'khitchini yawo yomwe.

Masika atayandikira a Staf anaona chinthu china. Buledi wa kalasi yonse anali wabwino, koma anali wofanana ngati wotuluka m'chikombole chimodzi. Palibe amene ankayesanso kuthira njere zachilendo kapena kusiya mtanda ugone nthawi yaitali, poopa kuphonya mzere.

"Waziona?" a Staf anamufunsa Griet, amene ankapukuta matebulo.

"Ndaziona kalekale, ndimangodikira kuti muyambe ndinu."

"Tiung'ambe mlozowu?"

"Ayi, madala. Ukuthandiza ana ambiri."

Anagwirizana kuti mlozo ukhale, koma Lachisanu lililonse ana aziphika zimene akufuna popanda malikisi. Lachisanu loyamba theka la buledi silinadyeke. Mnyamata wina anathira mowa ndi anyezi mu mtanda, fungo lake n'kufika mpaka ku ofesi ya mkulu wa sukulu. A Staf analawa, n'kukwinya nkhope, kenako anakoka mpando n'kumufunsa kuti ankafuna kuti chituluke n'chiyani.