Dokotala Sawonjezera Mainchesi

Zaka zonse zimene Mayi Telala akhala akupalasa makina, sanaonepo mzimayi wonena zoona za chiuno chake. Akati 34, dziwani kuti ndi 37. Akati "ndaonda masiku ano", wonjezerani anayi. Telala wanzeru satsutsa kasitomala. Amangogwedeza mutu, n'kulemba nambala ina m'kope, diresi n'kukwana, aliyense n'kubwerera kwawo ndi ulemu wake. Mayi Telala ankayesa kuti ntchito zonse za pansi pano zimayenda chomwecho.

Khansa inawalanda bere lamanzere chaka chatha. Madokotala analichotsa, n'kupalanso m'khwapa, kenako n'kuwathira mankhwala aja othothola tsitsi. Tsitsi linamera, chilonda chinapola, achibale analeka kubwera ndi nkhope za pamaliro. Koma pansi pa chipsera panatsala mlendo wosadziwa kutsanzika. Kuyambira pachifuwa, kudutsa m'khwapa, kutsika mkati mwa mkono mpaka pafupi ndi chigongono, pankayaka ngati wina waiwalapo simbi. Nthawi zina pankagwira ngati waya wamagetsi wosendeka. Chokwiyitsa n'chakuti ukatsina pamenepo sipankamveka kanthu, koma msoko wa bulauzi ukangokhudza, misozi inkabwera yokha. N'chifukwa chake telala wodziwika mumsewu wonsewo anayamba kuvala malaya motembenuza, misoko kunja, ulusi uli lende, ndipo makasitomala ankanong'onezana pakhomo kuti matenda aja akwera kumutu.

Mkono wamanzere ndi umene umawongolera nsalu pansi pa singano. Pofika masana unkanyanyala, msoko n'kumayenda ngati njira ya chidakwa. Mapiritsi oyera a mutu ankawameza ngati akudyetsa nkhuku, koma motowo sunkawadziwa n'komwe.

Tsiku lokaonana ndi dokotala, amuna awo anaima pakhomo la chipinda manja m'chiuno. Bamboyu ndi wopenta nyumba, ndipo wopenta akaona khoma losalala amalumbira kuti nyumba ndi yolimba. Anati mkazi wawo sapita pamaso pa anthu ophunzira atavala ngati wothawa moto, atembenuze bulauziyo. Mayi Telala anawayang'ana kuyambira kumapazi mpaka kudazi, koma nthawi inali itatha ndipo basi siidikira mkangano wa m'banja. Anaitembenuza.

M'basi munthu wina anawagunda ndi chikwama pamalo pomwepo. Sanapepese, nawonso sanamutukwane, koma anamusunga mumtima pamodzi ndi ena onse.

Pachipatala anakhala ndi amuna awo pabenchi ya m'khonde maola atatu, msoko ukucheka m'khwapa ngati lumo lobuntha. Nesi wina wamkulu, wa magalasi olendewera pachingwe, anadutsa akugawa mafayilo kuti aliyense alowe ndi yake. Popereka ya Mayi Telala anaisuzumira n'kuwauza mwansangala kuti iwo ndiye amwayi, lero akuwatsanzika, adzabwerenso chaka chamawa nthawi ngati yomweyi. Anati munthu amene ululu wake wakhala pansi maulendo atatu otsatizana, adokotala samusunganso pamzere.

Mayi Telala anatsegula fayiloyo. Zilembo za dokotala sanaziwerenge, zinali ngati nkhuku yapalasa pamchenga, koma manambala amawadziwa. M'mphepete mwa pepala munali 3, pansi pake 3, pansi pakenso 2.

Anawakumbukira onse. Ulendo uliwonse dokotala ankafunsa kuti pakati pa ziro ndi teni ululu uli pati. Munthu woleredwa bwino anganene teni pamaso pa mwamuna wake ndi mwana wa eni amene anakuchotsa imfa m'chifuwa? Ankati fili. Ankadziwa kuti dokotala, pokhala mmisiri mnzawo, awonjezera yekha m'kope. Ulendo wachitatu anati thu, chifukwa dokotalayo ankaoneka wotopa ndipo anamumvera chisoni. Tsono onani, mnyamata wa masukulu onsewo analemba bodza lija momwe linatulukira m'kamwa, osasiyako ngakhale kansalu ka msoko.

"Mwaona?" anatero amuna awo, atasuzumira paphewa. "Ndinkanena ine. Ngakhale pepala likuti mwachira."

"Bambo, mukayankhulanso, ndikusokani pakamwa. Ulusi ndili nawo m'chikwamamu."

Bamboyo anaseka, n'kuyang'ana anthu a pabenchi kuti aseke nawo. Palibe anaseka.

Atawaitana, analowa onse awiri monga mwa nthawi zonse. Dokotala anali yemwe uja, wachinyamata, kolala ya shati yake yosokedwa mokhota, zimene Mayi Telala anali atamukhululukira katatu. Anawapatsa moni maso ali pafayilo. Mayi asanatsegule pakamwa, amuna awo anali atayamba kale nyimbo yawo: ali bwino kwambiri, akudya, akugona, akusoka, tikuthokoza adokotala, mwatigwirira ntchito. Dokotala anatseka katani, anayang'ana chipsera, anapapasa m'khwapa kufuna zotupa, n'kunena kuti papola bwino zedi. Pamene zala zake zinkadutsa, Mayi Telala analuma mlomo mpaka kumva mchere. Kenako dokotala anabwerera pampando, cholembera m'manja, n'kufunsa funso lake la ziro ndi teni ngati munthu wofunsa nthawi.

Mayi Telala anatola bulauzi, anaitembenuza pamaso pa onse, misoko kunja, n'kuivala chomwecho. Amuna awo anagwira kumutu. Kenako mayi anapisa m'chikwama n'kutulutsa choko chodulira nsalu, chija chabuluu chosapita kulikonse popanda iwo, ndipo anajambula pabulauzipo mzere kuchokera pakati pa chifuwa, kuzungulira m'khwapa, kutsika mkono. Unali mzere woti ukhoza kudulapo ndi sizasi.

"Mkati mwa mzerewu ndi moto. Apa ndi apa ndi magetsi. Apa mpakufa, mukhoza kubaya singano. Inu adokotala, munthu akakuuzani fili mumalemba fili?"

Dokotala anati inde, amalemba zimene wodwala wanena.

"Ndiye mukanakhala telala bwenzi tauni yonse ikuyenda maliseche."

Amuna awo anayamba kupepesa m'malo mwawo, akuti mayiwa sanagone bwino, mankhwala aja anawasokoneza pang'ono. Mayi Telala anawatembenukira. Anawauza kuti bere linali lawo, khwapa ndi lawo, ndipo ngati bambo akufuna kuyankhira thupi la wina ayambe abwereka mkonowu sabata imodzi. Anawauza kuti akadikire panja. Bamboyo anayang'ana dokotala kuti awapulumutse, koma dokotala anali atapeza chinachake chofunika kuwerenga pakhoma. Anatuluka, chipewa chikufinyidwa m'manja.

Dokotala anakoka mpando, ulendo uno maso ali pa mzere wa choko. Anatenga kathonje n'kukhudza pang'ono kunja kwa malo ojambulidwawo, kenako mkati. Mayi anadumpha. Dokotala anafunsa kuti zayamba liti, ndipo atamva kuti kuyambira sabata ya opaleshoni, anavula magalasi n'kutikita maso. Anafotokoza kuti pochotsa bere ndi popala m'khwapa timitsempha tina timadulidwa kapena kuvulala, ndipo tikatero timatumiza uthenga wa moto pomwe palibe moto. Si khansa yabwerera, komanso si misala. Zimachitikira amayi ambiri, ndipo mapiritsi a mutu kawirikawiri salimbana nazo.

Mayi Telala ankayembekeza kuti akamva zimenezi mtima ugwa pansi. M'malo mwake unakwera. Amayi ambiri. Ndiye kuti chinthuchi chinali ndi dzina ndi mankhwala chaka chonsechi, iwo akulira kuseri kwa makina ngati mbava. Anafunsa chifukwa chake panalibe anawachenjeza tsiku lowatulutsa m'chipatala. Dokotala anati mwina zinanenedwa, koma anaona nkhope ya mayiyo, n'kusintha: anati zinayenera kunenedwa momveka.

"Nambala yeniyeni ndi iti, mayi?"

"Eyiti. Masana nayini. Ndipo musachotseko."

Analemba 8, n'kujambula mzere pansi pake. Sanawalonjeze zozizwitsa. Anati pali mankhwala a mitsempha oyamba pang'onopang'ono, amene amatenga masabata kuti agwire, ndipo masiku oyamba akhoza kuwaledzeretsa tulo, choncho asamale ndi singano ya makina. Pali a mafizo oti awaphunzitse kutambasula phewa ndi kuzoloweretsa khungu kukhudzidwa. Motowo ukhoza kuchepa kwambiri, koma sangalumbire kuti uzimiratu. Za chaka chamawa anafufuta, nalemba kuti abwerenso pakatha masabata anayi, ndipo anawapatsa kapepala kopita nako kuchipinda cha othandiza za ululu, kumapeto kwa khonde lomwelo.

Kumapeto kwa khonde lomwelo. Zitseko zisanu zokha kuchokera pabenchi imene anakhalapo maulendo anayi.

Atatuluka anapeza amuna awo ataima pafupi ndi zenera, akukanda penti wakhoma ndi chikhadabo. Anthu a pabenchi anayang'ana bulauzi yotembenuza ndi mizere yake yabuluu, ndipo mayi anawayang'ananso mmodzimmodzi mpaka aliyense anapeza kanthu pansi. Bamboyo anafunsa motsitsa mawu kuti adokotala ati chiyani. Mayi anawapatsa kapepalako kuti awerenge okha. Anawerenga kawiri, milomo ikuyenda.

"Eyiti? Nthawi yonseyi?"

"Nyamulani chikwamachi, chikundikoka phewa."

Ananyamula. Pachitseko chachisanu panali mzere wina, wa anthu khumi ndi mmodzi, ndipo kalaliki wa pawindo anati akafika pa munthu wachikhumi atseka, ena abwere mawa. Mayi Telala anaika kapepala kawo pamwamba pa mulu, anakhala pampando woyang'anizana ndi windolo, n'kumuuza kuti atseke nthawi imene akufuna, iwo awapeza pomwepo potsegula.