Khosi la Ndani?

Phokosolo linayamba Lachiwiri, pamtsetse wotsikira kuchipatala. A Sopo atangofinya buleki ya kutsogolo, njinga yamoto inati gu! kamodzi kokha. Anasuzumira tayala, sanaone kanthu. Atafinyanso pageti la chipatalacho, gu! yemwe uja. Anaima n'kuizungulira kawiri, koma njingayo inkangonyezimira ngati siidziwa kanthu.

A Sopo anali wometa tsitsi. Dzina lawo lenileni anthu analiiwala kalekale, chifukwa m'mawa uliwonse asanatsekule kanyumba kometera ankayamba asambitsa njingayo ndi sopo waufa, thovu mpaka kumsewu. Kadzimbiri kakangotulukira pa mafoloko, mapaipi awiri aja ogwira tayala la kutsogolo, ankakakwecha ndi kawaya kotsukira mapoto mpaka mbee. Makasitomala ankaseka kuti galasi la m'kanyumbamo n'losafunika, munthu akhoza kudziyang'anira pa thanki.

Koma njingayo sinali yongodyera maso. Lachiwiri ndi Lachisanu lililonse inkanyamula bambo awo kupita ku mafizo, kolimbitsa ziwalo kuchipatala. Mdalayo anakalambira pa ntchito yokonza njinga zakapalasa, mpaka sitiroko inawapha mkono wakumanzere, kuwaumitsa mwendo, n'kuwamanga lilime, moti mawu ankatuluka limodzilimodzi, mochita kukoka. Pokwera, a Sopo ankawamangirira kumsana kwawo ndi nsalu. Adokotala anali atanena mosapsatira kuti akamajomba ku mafizo, mwendo umene unayamba kuyendawo udzaumanso.

Atabwerera kunyumba tsiku limenelo, mdala anakoka malaya a mwana wawo.

"Khosi," anatero.

"Khosi likuwawa, bambo?"

"Khosi!"

A Sopo anamva chisoni. Anathamangira kogula mankhwala opaka, aja otentha ngati tsabola, n'kuwasisita bambo awo kuyambira kuseri kwa makutu mpaka m'mapewa. Mdala ankapukusa mutu, misozi ili lengelenge, akuloza panja ndi dzanja lamoyo lija. A Sopo anati ndi ululu umenewo, nawonjezera mankhwala.

Za phokoso anakafunsa mlamu wawo, mwamuna wa mlongo wawo. Ameneyu ndi uja amadziwa chilichonse, kuyambira matenda a nkhuku mpaka mmene ndege imaterera, ngakhale sanagwirepo sipanala.

"Likumveka mukagwira buleki? Ndiye mukufunsanso chiyani, alamu? Mapadi atha amenewo. Sinthani."

Anasintha mapadi a buleki. Pangodya yoyamba, gu!

"Ndiye kuti ndi mabawuti. Mangani onse, musasiye ngakhale limodzi."

Anamanga onse, mpaka limodzi la pa madigadi, chotchinga matope chija, linaduka, n'kumangapo waya. Gu! sanachoke. Chozunguza mutu chinali chakuti akakhala okha phokosolo linkabwera mwa apo ndi apo, koma akanyamula bambo awo linkamveka pa buleki iliyonse. Anachotsa makiyi a kunyumba pa kiyi wa njinga poganiza kuti ndi amene akugunda. Anakulunga ndodo ya mdala m'thumba. Tsiku lina anafika poganiza kuti mwina ndi bondo la bambo awo likuchita phokosolo, ndipo anachita manyazi ndi maganizo awo omwe.

"Khosi," ankatero mdala akamatsika. "Khosi, iwe!"

A Sopo anauza namwino wa ku mafizo. Namwinoyo anawatembenuzira mdala mutu uku ndi uku, anawadina m'mapewa, nati sakupezapo vuto. A Sopo sanakhutire. Anawagulira mpango waubweya, n'kumawakulunga m'khosi dzuwa likuswa mtengo, kuti mphepo ya panjinga isawalowe. Mdala ankauvula n'kuutaya pansi, mwana n'kutola, kuukutumula, kuwavekanso. Mumtima a Sopo ankalira kuti matendawa ayamba kuwasokoneza bambo mutu.

Atadandaulanso za phokosolo kwa mlamu, mlamuyo anawaseka.

"Inu mumaganiza kwambiri. Chitsulo chilichonse chimalira. Ngati ikulira ndi buleki ya kutsogolo, isiyeni. Anaikiranji ziwiri? Muziponda ya kumbuyo yokha."

Malangizo amenewa anawakomera a Sopo, chifukwa kwa mlungu wathunthu sanamvenso gu! Anayamba kuimba mluzu panjira.

Lachisanu lotsatira, pamtsetse womwe uja, galimoto yonyamula njerwa inatulukira m'kanjira chobwerera m'mbuyo. A Sopo anaponda buleki ya kumbuyo, tayala linangokhwekhwereka pamchenga. Anafinya ya kutsogolo ndi mphamvu zonse. Gu! Kutsogolo kwa njinga kunamira mpaka pansi, mahandulo ananjenjemera, koma buleki sinagwire monga ankayembekezera. Anakhotera m'ngalande, njinga inapendama, onse awiri anagwa chammbali ali omangirirana. Mdala anagwera mkono wakufa uja, umene sakanatha n'kuutchinjiriza komwe.

Mwamwayi palibe fupa linathyoka. Mdala anasupuka chigongono ndi bondo basi. Koma anthu atawadzutsa, anangomuyang'ana mwana wawo, kenako n'kuyang'ana kumbali.

Lachiwiri m'mawa a Sopo atabwera ndi nsalu yomangira, mdala anagwira mphuthu ya chitseko ndi dzanja lamoyo, osaisiya. Anawanyengerera, anawalonjeza kuti ayenda pang'onopang'ono, koma ayi ndithu. Lachisanu chimodzimodzi. Pofika Lamlungu, a Sopo anamva phazi la bambo awo likukhwekhwereza pasimenti popita kubafa, monga linkachitira miyezi yoyambirira ija. Anachita mantha kwambiri.

Lolemba sanatsekule kometera. Anaisambitsa njinga bwinobwino, poti kuchipatala munthu sapita wosasamba, n'kupita nayo ku galaja ya mayi wina amene oyendetsa njinga ankangomutchula kuti a Khutu. Galajayo inali kashedi ka malata, matayala akale ataunjikidwa pakona, masipanala atapachikidwa pamisomali motsatana kukula kwake. A Khutu anaiyang'ana njinga, anawayang'ana eni ake, n'kupukuta manja pa ovololo.

"Achimwene, mwabwera kudzakonzetsa kapena kudzagulitsa?"

"Kudzakonzetsa, amayi. Ikumati gu! ndikagwira buleki. Alamu anga anati ndi buleki, ndiye mapadi ndinasintha, mabawuti ndinamanga. Mutu wanga waima."

"Nanga mwaitsukiranji? Njinga imalankhula ndi fumbi ndi madontho. Inu mwabwera nayo mutaitseka pakamwa."

A Sopo anaiyang'ana njinga yawo yonyezimirayo. Chibadwire palibe anawadzudzulapo chifukwa cha ukhondo.

A Khutu anagwira mahandulo, n'kukanikiza kutsogolo kwa njinga pansi kanayi. Njingayo inkamira mosavuta n'kudumphanso msanga. Kenako analoza foloko ya mbali ya buleki. Pa paipi yonyezimira ija panali patatuluka kamzere konyowa kozungulira.

"Ichi mumachiona?"

"Timafuta timeneto? Ndimapukuta m'mawa uliwonse. Timagwira fumbi."

"Kuyambira liti?"

"Mwina miyezi itatu."

"Miyezi itatu mukupukuta oyilo wa m'foloko! M'katimu mumakhala oyilo, achimwene. Ndi amene amachititsa kuti njinga izimira mofatsa mukagwira buleki. Pamwamba apa pali kamphira kotsekera kuti asatuluke. Tayendetsani chikhadabo apa."

A Sopo anayendetsa. Paipi yooneka yosalala ija inali ndi timizere tambirimbiri.

"Mumakwecha ndi chiyani?"

"Kawaya ka mapoto," anayankha motsitsa mawu.

"Ndi kamene kadya kamphirako. Paipi ikakalika, imacheka mphira nthawi iliyonse ikalowa n'kutuluka. Oyilo amatsetsereka mpaka pa buleki." Anamasula mapadi atsopano aja n'kuwaonetsa. Anali akuda, onyowa. "Awa ngakhale mutafinya ndi manja awiri sangagwire. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere."

"Ndiye phokoso lija ndi foloko?"

"Dekhani. Foloko yopanda oyilo imagunda ikamira mpaka pansi, inde. Koma tisagamule mlandu tisanamve mboni zonse. Alamu anu aja anakuuzani kuti ndi buleki chifukwa likumveka pogwira buleki. Tiyeni tione ngati lingamveke buleki tisanaikhudze."

Anakankhira njinga kukhoma mpaka tayala la kutsogolo linagunda, n'kuyamba kuikankha ndi kuibweza pang'onopang'ono, dzanja lili kutali ndi buleki. Gu. Gu. Gu.

"Mwamva? Buleki ilibe mlandu wa phokosoli. Bweretsani chala." Anawagwira chala n'kuchiika pansi pa mahandulo, pamene chitsulo chokhota chimakumana ndi thupi la njinga. Atakankhanso, a Sopo anamva zitsulo ziwirizo zikusuntha, zikuwatsina chala. "Ndi pamenepo. Khosi lakhwefuka."

A Sopo anachotsa chala ngati apsa.

"Mwati chiyani?"

"Khosi. Apa timati pakhosi. M'katimu muli mabering'i, timipira tachitsulo tothandiza kuti mahandulo azikhota. Akatha kapena akakhwefuka, kutsogolo konse kumagwedera, makamaka mukanyamula munthu. Ngakhale okonza njinga zakapalasa amalidziwa khosi. Bwanji, mwadwala?"

A Sopo anali atakhala pa tayala lakale, manja ali kumutu. Anafotokoza zonse: za bambo awo, za mankhwala otentha, za namwino, za mpango. A Khutu anayamba kuseka, koma ataona nkhope ya munthuyo analeka.

"Mdala ankalimva m'mafupa mwawo ali kumbuyoko," anatero. "Anakupatsani yankho tsiku loyamba lomwe."

Ntchito inatenga tsiku lonse. Atatsekula khosi, mabering'i anatuluka ofiira ndi dzimbiri, ouma gwa, girizi yense atatsukidwa ndi madzi a sopo a m'mawa uliwonse. A Khutu anaika atsopano, anapaka girizi, n'kumanga nati mpaka kugwedera kunatha koma mahandulo akukhotabe mosavuta. Anati khosi lomanga mopitirira ndi loopsa ngati lokhwefuka. Paipi yokalika kwambiri ija anaisintha, anaika timphira tatsopano mbali zonse, n'kuthira oyilo wa mafoloko wofanana muyeso uku ndi uku. Mapadi onyowa anawataya, nati oyilo akalowa m'mapadi satulukanso.

"Kutsuka sindikukuletsani," anatero pomaliza. "Koma muziyamba mwayang'ana musanapukute. Pa mafoloko kansalu kofewa basi, kawaya kabwerere kukhitchini. Pakhosi osathirapo madzi. Mukaona kamzere ka oyilo, bwerani tsiku lomwelo. Ndipo buleki ya kutsogolo ndi imene imaimitsa njinga. Wokuuzani kuti muisiye, mufunseni ngati adzakhalepo mukamagwa."

A Sopo anafika kunyumba dzuwa litapendeka. Anapeza bambo awo atakhala pakhonde. Anaimika njinga pafupi ndi masitepe, n'kugwada pambali pa mpando.

"Bambo, ndamva tsopano. Khosi la njinga. Mundikhululukire."

Mdala ananyamuka movutikira, anakana dzanja limene mwana wawo anatambasula, n'kutsika masitepe awiri aja ndi ndodo. Anaika chala pakhosi pa njinga, nakodola ndi chibwano kuti agwire buleki n'kukankha. A Sopo anakankha. Zii. Mdala anakodolanso, anakankhanso, zii. Anagwira handulo n'kuikhotetsa uku ndi uku, akumvetsera ndi dzanja. Anayendetsa chala pa foloko, n'kuchiyang'ana. Chinali chouma.

Atakhutira, ananyamula mkono wawo wakumanzere ndi dzanja lamanja, n'kuusiya kuti ugwe wokha.

"Uwu," anatero, akukoka mawu, "unafa." Kenako anagogoda pachipumi ndi chala. "Uwu... ayi."

A Sopo analira pomwepo, osasamala kuti anthu akudutsa mumsewu. Mdala anawasiya alire pang'ono, kenako anawagunda pamwendo ndi ndodo.

"Mawa," anatero. "Mafizo."

Phunziro: Njinga yamoto ikamagunda kutsogolo pogwira buleki, musathamangire kusintha zitsulo mongoganizira, ndipo musaleke kugwiritsa ntchito bulekiyo kuti phokoso lisamveke. Vuto likhoza kukhala pakhosi, m'mafoloko kapena pa buleki, ndipo makaniko wodziwa amayesa chimodzichimodzi mpaka alipeze. Oyilo wotuluka pa foloko si litsiro longopukuta, ndi chenjezo. Komanso wodwala amene lilime lamulemera sanataye nzeru zake. Akanena mawu amodzi, mufunseni akulozereni chimene akutanthauza musanamugamulire.