Msana wa Aphunzitsi

Mayi wina, telala, ankadziwika msewu wonse chifukwa cha pakamwa. Kasitomala wochedwa kudzatenga zovala ankauzidwa mosapsatira, koma amene ankamva zambiri anali mwana wake wamkazi. Ndiye atamva kuti mwanayo abwereza kalasi chifukwa satsegula pakamwa pa phunziro la Chingerezi, m'nyumba simunakhalike.

"Kuno umawerenga ngati wailesi. Kusukulu lilime umalisiya pageti? Mawa ndikawauza ndekha aphunzitsi akowo."

Tsiku lonse anayeserera Chingerezi chake akupalasa makina: mwana wanga amadziwa, musamubwerezetse, muyeseni kaye.

M'mawa mwake anapita kusukuluko ndi mwanayo. Aphunzitsiwo anali mlendo, chilankhulo chathu sankachimva. Anamupatsa telala kampando ka ana, mawondo n'kufika pachifuwa, ndipo anamuyang'ana m'maso mwaulemu, kudikira.

Mawu onse anathawa. Telala ankangomwetulira ngati wabwera kudzapempha mchere. Manyazi anamugwira kwambiri chifukwa mwana anali chiimire pambali pake, akuona zonse.

Aphunzitsi anayang'ana manja a telala, amene ankangopinda ndi kupindula tepi yoyezera. Kenaka anaimirira, n'kuwapatsa msana, n'kuyamba kufufuta pabolodi pomwe panali poyera kale.

Msana ndiye telala ankaudziwa bwino. Moyo wake wonse ankacheza ndi misana ya anthu akuyeza mapewa. Maso ake anagwera pa msoko wa jekete ya aphunzitsi, wokhota pang'ono, ntchito ya telala waulesi, ndipo mawu anayamba kutuluka, motsimphina koma akufika. Aphunzitsi sanatembenuke. Ali chifufutire anaponyera mwanayo funso, iye n'kuyankha. Lina, n'kuyankhanso. Atatembenuka anati nkhani yobwereza yatha.

Pobwerera telala sanatulutse mawu, zomwe msewu uja unali usanaonepo. Atafika pakhomo pa shopu, mwana anamugwira dzanja.

"Amayi, nanunso mtima umagunda mpaka m'makutu?"

"Umagunda, mwanawe."

"Ine tsiku lililonse m'kalasi. Ndiye ndikafika kunyumba ndimapeza inu."

Telala anafunafuna kiyi m'chikwama kwa nthawi yaitali, kiyiyo ali m'dzanja lake.