Injini mu Mgolo wa Madzi

Alamu a mkazi wamasiyeyo anakokanso chingwe cha injini. Injini inatsokomola nkulira pang'ono, koma atangoponya giya inazima. Madzi a mumgolo anakhala bata.

"Mwadzionera nokha, mlamu," anatero akupukuta thukuta. "Chinthuchi chatha. Ndipite nacho kwanga ndikachotseko zitsulo. Inu mungatani nacho?"

Mkaziyo anali atatha masiku anayi chiikire mwamuna wake m'manda. Mipando yobwereka inali idakali pabwalo. Anayang'ana injini ija, yomangidwa pathabwa, mwendo wake uli m'madzi. Ndi yomwe inkayendetsa boti lawo lowolotsa anthu. Ikachoka pakhomopo, iye ndi khanda lake adzadya chiyani?

"Mwaisokoneza ndinu," anatero mkaziyo. "Mukupotokola sikuluwu ya pakabuleta injini isanatenthe. Bambo a mwanayu ankayamba aidikira."

Alamu anaseka, natembenukira kwa apongozi, omwe anali pakhonde maso ali otupa. "Amayi, mwamva? Pakhomo pano pabadwa makaniko!"

Apongozi sanaseke. Anangotambasula manja. "Bweretsa mwanayo kuno."

Mkaziyo anamasula khanda kumbuyo nawapatsa. Anakoka chingwe kawiri, kachitatu injini inadzuka. Anagwira chogwirira osasiya, nadikira mpaka timadzi totuluka kumbuyo titafunda padzanja lake. Apo mpamene anaponya giya. Anapotokola sikuluwu pang'ono chabe, khutu ali tcheru monga ankachitira malemu. Injini inayamba kubanika. Anaibweza sikuluwuyo. Anaikhudzanso, kuchepera apo.

Kenaka anasiya chogwirira. Injini sinazime. Inkangoti du-du-du, mofatsa, madzi akuzungulira mumgolo.

Alamu anaika manja m'chiuno. "Yekhayu sangainyamule," anauza amayi awo, mawu ali pansi. "Mawa ndibwera ndidzaiike paboti."

Alamu atachoka, mkaziyo anapukuta mwaye pakabuleta ndi chala. Pamutu pa sikuluwu panaoneka kadontho kofiira. Pachitsulo cha pambali panali kena, ndipo tiwirito tinali titayang'anizana ndendende.

Anali penti wake wa zikhadabo, yemwe anasowa mwezi umene mwamuna wake anayamba kulephera kuyenda. Tsiku limenelo anagwedeza nyumba yonse akulalata, bamboyo ali gone pabedi, nkhope kukhoma. Kani ndiye anatenga pentiyo.

Anaika chala pakadonthopo. Chitsulo chinkaotcha, koma sanachichotse msanga.